Kupeza wonola sowo yakale

Sowo imene ndinkafuna kunoletsa ndi ya Disston, kampani yomwe Henry Disston anayambitsa mumzinda wa Philadelphia ku America mu 1840. Chogwirira chake n'cha mtengo, chomangidwa ndi mabawuti a mkuwa, ndipo limodzi la mabawutiwo lili ndi chidindo cha kampaniyo. Chitsulo chinali chowongoka bwino, koma mano anali obuntha, ena aatali ena aafupi, moti pothabwa inkangodumphadumpha.

Ndinayamba ndi kutsimikiza kuti ndi yonoleka. Masowo ambiri a masiku ano mano ake amawalimbitsa ndi moto wa magetsi kufakitale, ndipo nsonga zake zimaoneka zakuda kapena zabuluu. Tupa limangotereraka pamenepo, n'chifukwa chake akabuntha amatayidwa, ndipo n'chifukwa chakenso onola masowo pamanja atsala ochepa. Yakale siili choncho. Chitsulo chake n'cholimba mofanana paliponse, ndipo tupa limachidya bwinobwino.

Dzimbiri ndinachotsa ndekha, ndi sandipepala wosalala wokulunga pa kathabwa ndi timafuta pang'ono, mosamala kuti zolemba za kampani zimene zili pakati pa chitsulo zisafufutike. Pansi, pafupi ndi chogwirira, panadindidwa nambala 8, kusonyeza kuchuluka kwa nsonga za mano pa inchi imodzi. Manowo anali osongoka m'mbali ngati timipeni, kutanthauza kuti ndi sowo yodula chopingasa. Yong'ambira thabwa m'litali mano ake amakhala ngati titchizulo.

Kufunafuna munthu n'kumene kunavuta. Ambiri amene amati amanola masowo amatanthauza masowo ozungulira a makina, ndipo chida chawo ndi galayindala. Pa mano opyapyala a sowo yamanja galayindala imatenthetsa chitsulo mpaka kufewa, komanso imadya chambiri pakanthawi kochepa. Wina anandiuza kuti adula mano onse n'kuboola atsopano ndi makina. Njira imeneyo ilipo ndithu, ndipo imathandiza sowo ikakhala kuti yathyoka mano ambiri, koma yanga sinafike pamenepo. Chitsulo chikapita sichibwerera, ndiye ndinakana.

Anandithandiza ndi akalipentala achikulire amene amagwirabe ntchito ndi zida zamanja, komanso okonza mipando yakale. Aliyense amene anandilozera ndinkamufunsa zinthu ziwiri: mumanolera chiyani, nanga mumayambira pati? Woyankha kuti amangoyamba kunola dzino ndi dzino ndinkamuthokoza n'kupitirira.

Bambo amene ndinawasiyira ntchitoyo anayamba ndi kundifunsa ineyo. "Mumadula matabwa otani, ouma kapena aawisi? Olimba kapena ofewa?" Kenako anainyamula sowoyo kufika pa diso, n'kuyang'ana m'litali mwake ngati ili ndi popindika. Ndinawapempha kuti ndionerere, ndipo anavomera.

Anaipana pa vayisi ya matabwa awiri aatali, mano okha atatulukira pamwamba, kuti isanjenjemere. Anatenga tupa lophwatalala n'kuliyendetsa pamwamba pa mano onse kuchokera kuchogwirira mpaka kunsonga. Atabwereza kangapo, dzino lililonse linali ndi kadontho konyezimira pamutu. Apa m'pamene ndinaonera matenda a sowoyo. Mano aatali anali ndi timadontho tikulutikulu, aafupi kadontho kosaoneka bwino, ndipo ena anali asanakhudzidwe n'komwe. "Mukalumpha apa," anatero, "mano ochepa okha ndi amene amadula, enawo angokwera nawo."

Atatero anatenga tupa la ngodya zitatu, iliyonse ya madigiri 60, lomwe limalowa pakati pa mano awiri n'kudya kutsogolo kwa lina ndi kumbuyo kwa linzake nthawi imodzi. Ankakankhira kutsogolo kokha, pobwerera n'kulitukula, akutsamira mbali ya dzino lomwe kadontho kake kanali kakakulu, mpaka mano onse anafanana.

Pa kuseta, komwe ndi kupinda mano a sowo, anachedwapo, ndipo ndinakondwa kuti anachedwa. Manowo amapindidwa pang'ono, lina kumanja lina kumanzere, kuti mpata umene sowo ikudula ukule kuposa chitsulo, isamakanirire m'thabwa. Iwo ankapinda theka la pamwamba la dzino lokha, ndipo dzino lililonse ankalipindira mbali yomwe linapindikira kale, poti chitsulo chakale chikabwezedwa mbali inayo chimathyoka. Popeza ndimadula matabwa ouma, anaseta pang'ono chabe. Kuseta kwambiri kumachititsa kuti sowo izisochera pamzere ndi kutopetsa mkono pachabe.

Kunola komaliza anapendeketsa tupa, akulumpha dzino limodzi limodzi, kenako anatembenuza sowo n'kumaliza otsalawo kuchokera mbali inayo.

Sindinachoke osaiyesa. Ndinalemba mzere pa thabwa n'kudula. Inalowa yokha osaikanikiza, koma inkakokera pang'ono kumanzere. Anaigoneka pa benchi, n'kudutsitsa mwala wonolera mopepuka kumbali ya kumanzereko, ndipo pa ulendo wachiwiri inatsata mzere mpaka pansi.

Anandilangiza kuti ndiphimbe manowo ndi kathabwa kochekedwa mpata, ndipake phula pachitsulo chifukwa cha dzimbiri, ndipo ndisadikire kuti ibunthiretu. Ikangoyamba kulemera m'dzanja ndibwere nayo, pakuti pamenepo dzino lililonse limangofuna tupa kamodzi kapena kawiri.