Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Agogo a msana

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe ankatigawa m'zipatala kuti tikaphunzire ntchito pa odwala enieni. Maphunziro a fiziyo, ntchito yothandiza odwala ndi mafizo, anali adakali achilendo m'dziko muno, poti ku College of Medicine anangoyamba mu 2010. Kumudzi akandifunsa ndinkangoti ndikuphunzira za mafupa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndinagwera m'manja mwa mayi wina wosachulutsa mawu. Lamulo lawo linali lakuti wodwala uyambe kumupima akulowa pakhomo: akuponda bwanji, phewa liti latsika, akukhala bwanji pampando.

M'mawa wina kunabwera agogo aakazi ndi mdzukulu wawo. Ankayenda mopendamira kumanja, phazi lakumanjalo litaloza kunja. "Msana, mwanangu. Ndijambuleni basi." Ambiri amabwera ndi pempho lomweli, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa chithunzi amapita nacho kunyumba pomwe zomwe apeza manja sazionapo.

Tinayamba ndi mafunso. Mukuonda? Mumatuluka thukuta usiku? Ululu umakudzutsani? Mkodzo ndi chimbudzi zikuyenda bwino? Kuno TB ya msana si nthano, ndipo munthu amene mkodzo wayamba kumuvuta limodzi ndi dzanzi pakati pa miyendo sumuchedwetsa ndi mafizo, umathamanga naye kwa dokotala. Agogo analibe vuto lililonse mwa amenewa.

Kenako panafika pomwe ndinkapaopa. Mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wawo awauze bwanji agogo kuti atsitse chitenje? Ndinatseka katani, ndinapempha mdzukuluyo kuti asachoke, n'kunena kuti, "Agogo, pepani, ndikupempha kuti ndikugwireni m'chiunomu." Anandiyang'ana kaye, kenako anakweza okha mikanda yawo. Pansi pa mikandayo panali mphini zandandanda, zina zakale, zina zongotemedwa kumene.

Kumunsi kwa msana kuli timaenje tiwiri. Pakati pake ndinalembapo ndi bolopeni, ndinayeza masentimita 10 chokwera ndi 5 chotsika, ndi tepi ngati ya atelala. Muyeso umenewu ndi wa Schober: munthu akawerama, masentimita 15 aja ayenera kufika 20 kapena kuposa, kusonyeza kuti mafupa 5 akumunsiwo akutambasuka. Agogo anawerama monga munthu wakulira pakhasu, tepi n'kupyola 20.

Anagona chagada. Ndinakweza mwendo uli chiwongokere. Mtsempha waukulu wotsikira kuphazi ukakhala wapanikizika, ululu umathamanga kuseri kwa ntchafu mwendo uli pakati pa madigiri 30 ndi 70. Kwa iwo kunali zii, miyendo yonse.

Apa m'pamene amayi aja anayandikira. "Pinda bondo, uzungulize ntchafu cham'kati." Wakumanzere unazungulira bwinobwino, cha m'ma madigiri 40. Wakumanja unangosuntha pang'ono n'kuima. Ndinafuna kukankhabe koma anaika manja awo pamwamba pa anga. "Usakakamize. Tamvera mmene waimiramo." Mnofu ukakhala wothina, mwendo umaima mofewa, ukautsindika umalolerako pang'ono. Uwu unaima gwa. Zimenezi m'buku ndinaziwerenga, koma m'zala ndinazimva tsiku limenelo. Agogo anagwira mphechepeche n'kutsetsereza dzanja mpaka pabondo. "Eya, pamenepo!"

Tinasanjika kakolo wakumanja pa bondo lakumanzere, miyendo n'kuoneka ngati 4. Bondo linakana kutsika. Atakumbatira bondo lakumanzere pachifuwa, ntchafu yakumanja inanyamuka yokha pabedi. Mfundo ya m'chiuno inali itasiya kuwongoka, choncho kuti agogo aime njo, msana unkachita kupindikira m'kati tsiku lonse. Kuwawa kwa msanako sikunali kwabodza, koma gwero lake linali pena, kutali ndi pomwe panali mphini.

Kujambula anajambulidwadi, koma chiuno, ndipo chithunzi chinaonetsa kuti mfundoyo inali itaperepeseka. Tinawaphunzitsa mafizo ochita ali gone, tinauza mdzukulu awapezere kampando m'malo mokhala pamphasa, komanso khasu la mpini wautali. Zonsezi anavomera.

Nkhondo inabuka pa ndodo. Imagwiridwa kudzanja la mbali yosapweteka, ndiye ndinkawapatsira kumanzere. Iwo anaibweza. "Ndodo n'ja nkhalamba, ine ndikadalima." Amayi aja, amene ndinali ndisanawaonepo akuseka, anachita kutembenukira kukhoma. Mdzukuluyo ndiye anainyamula potuluka, agogo ali patsogolo.

M'gawo lotsatira ndidzakamba za anyamata a kabaza ndi misana yawo.