Dandaulo la kukhonsolo lilembedwe, lisangothera pamaliro

Madandaulo ambiri okhudza khonsolo amafera m'njira chifukwa amaperekedwa pakamwa. Munthu akumana ndi khansala pamaliro kapena kumsika, amuuza kuti zinyalala zakhala zisakuchotsedwa kwa milungu itatu, khansala ayankha kuti wamva, nkhani nkuthera pomwepo. Palibe pepala, palibe tsiku, palibe woti mudzamufunse mawa. Khonsolo imayenda ndi mafayilo. Nkhani yopanda fayilo, ngakhale lokeshoni yonse ikuidziwa, kuofesi imakhala ngati sinafike.

Musanagwire cholembera, onetsetsani kuti vutolo ndi la khonsolo, chifukwa apa ndi pomwe anthu amatayira miyezi. Paipi ikaphulika ku Area 25, eni ake ndi Lilongwe Water Board. Ikaphulika ku Ndirande, ndi Blantyre Water Board. Thiransifoma ndi ya ESCOM. Msewu waukulu ngati M1 uli m'manja mwa Roads Authority. Za khonsolo ya mzinda ndi zinyalala, misika ndi zimbudzi zake, ngalande ndi misewu ya m'malokeshoni, manda, zilolezo za bizinesi ndi za zomangamanga, ndi masiti reti (msonkho wa malo ndi nyumba mumzinda). M'maboma ntchito ndi yokulirapo: kuchokera pa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, sukulu za pulayimale, zipatala zazing'ono, chipatala chachikulu cha m'bomalo ndi alangizi a zaulimi zonse zili pansi pa khonsolo.

Chachiwiri chimene chimasokoneza anthu ndi udindo wa khansala. Khansala satuma galimoto yotola zinyalala, sasainira cheke. Ntchito yake ndi kukhala pa msonkhano wa khonsolo yonse ndi m'makomiti, monga ya zachuma, ya zaumoyo ndi zachilengedwe, ya zomangamanga, kuvomereza bajeti ndi kufunsa mafunso. Amene amalamula ogwira ntchito ndi bwanamkubwa, DC, m'maboma, ndipo m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ndi mkulu wa khonsolo, Chief Executive Officer. Choncho kalata ipite kwa iwowa, khansala alandire kope. Ine ndimaona kuti khansala amathandiza kwambiri akakhala ndi pepala m'manja, chifukwa pa komiti amatha kufunsa kuti, "Kalata ya pa 6 March ija mwaiyankha?" Funso lotere silizembeka.

Kalatayo isapitirire tsamba limodzi, ndipo ikhale ya nkhani imodzi. Mukaphatikiza zinyalala, ngalande ndi msonkho m'kalata imodzi, imafunika nthambi zitatu, ndiye imakhala pa desiki ya munthu amene sakudziwa koitumiza. Tchulani wodi, dzina la malo, nambala ya puloti ngati ilipo, ndi chizindikiro choti dalaivala wa khonsolo angachipeze, monga tchalitchi kapena chigayo. Lembani tsiku limene vuto linayamba ndi masiku amene munakanenapo kale, ndi udindo wa amene munamuuza. Ikani zithunzi ziwiri kapena zitatu. Kenaka nenani chimene mukufuna kuti chichitike, momveka: bini ya pamsika ichotsedwe ndipo izichotsedwa kawiri pa sabata. Mawu oti "chonde tithandizeni" alibe choti munthu angachite nawo. Pemphani yankho lolembedwa m'masiku 14. Mkwiyo usalowemo. Mukalemba kuti akuluakulu onse ndi akuba, mwawapatsa nkhani ina yoti ayankhe, ndipo zinyalala zija zikhalabe pomwepo.

Ngati vutolo likukhudza anthu ambiri, asainire ambiri, ndipo lidutse kwa mfumu kapena bulokulida, ku komiti ya msika, kapena kumidzi ku makomiti a chitukuko, ya m'mudzi (VDC) ndi ya m'dera (ADC). Chidindo cha amfumu chimaipatsa kalata kulemera.

Pangani makope atatu. Pitani nawo kuofesi yolandirira makalata, osati kwa mlonda wa pageti kapena kwa mnansi wanu wogwira ntchito kumeneko. Kalaliki adinde kope lanu, alembe tsiku, asainire. Chidindo chimenechi ndicho chinthu chofunika kwambiri pa ulendo wonse, pakuti ofesi iliyonse imene mudzapiteko pambuyo pake idzayamba ndi kufunsa umboni woti khonsolo munaiuza. Masiku 14 akatha, bwererani ndi kope lodindidwa lija, funsani kuti kalata inatumizidwa kunthambi iti, ndipo lembani chikumbutso chachifupi chotchula tsiku la kalata yoyamba.

Pali madandaulo ena amene kalata yokha singawathetse, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezi msanga. Kutola zinyalala kapena kutsegula ngalande yotsekeka ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Koma mlatho, mjigo kapena mdadada wa sukulu zimafuna kulowa mu bajeti. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April, ndiye pempho lofika mu June nthawi zambiri limadikira chaka chinacho. Zotere zikankheni kudzera ku VDC ndi ADC chaka chatsopano cha ndalama chisanayambe, kuti zilowe m'mapulani a chitukuko cha boma lanu.

Khonsolo ikakhala chete kapena ikakana popanda chifukwa, malamulo ali nanu. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa molemba pamene chigamulo cha ofesi ya boma chakhudza ufulu kapena zofuna zake. Ngati akulandani benchi mumsika kapena akukanizani chilolezo, tchulani gawo limeneli m'kalata. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kupempha zikalata monga bajeti ya khonsolo kapena mgwirizano wa kontilakitala amene anasiya msewu pakati. Akakana, nkhani imapita ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission. Kuchedwetsa nkhani mopanda chifukwa, kukondera ndi kusayankha zimapita kuofesi ya Ombudsman, komwe simulipira kanthu ndipo simusowa loya. Tengani makope onse odindidwa aja. Dziwani kuti nkhani imene ili kale kukhoti Ombudsman saitenga. Wina akakupemphani "ya fanta" kuti fayilo iyende, imeneyo ndi ya Anti-Corruption Bureau.

Za kunyanyala kudula matikiti a mumsika kapena kusiya kulipira masiti reti, ndimamvetsa kumene mtima umenewo umachokera, makamaka pamene chimbudzi cha pamsika chadzaza mvula ili pafupi, anthu akukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023. Komabe sindilangiza. Ngongole ya mareti imakhalabe pa puloti yanu, ndipo khonsolo imapeza poyankhira kuti ndalama zogwirira ntchito palibe chifukwa simulipira. Lipirani, landirani risiti kapena tikiti ya khonsolo nthawi iliyonse, sungani, ndipo makope a marisiti a miyezi itatu yapitayo muwamatike kumbuyo kwa kalata yanu.