Ku Senga Bay dzuwa sililowera m'madzi

Pa filimu ya makatuni imene tikupanga, gawo langa ndi kujambula malo. Anthu, agalu ndi chilichonse choyenda amajambula anzanga ku Lilongwe. Ine ndimakonza za kumbuyo kwawo: mchenga, mitambo, zisakasa, madzi. Nkhani yake ndi ya mwana wa msodzi wa ku Senga Bay, ndiye poti ndimakhala kuno ku Salima, zonse za kunyanja anandisenzetsa ine.

Lolemba storyboard, zithunzi zoonetsa mmene nkhani idzayendere, inafika pa WhatsApp. Pachithunzi china panalembedwa kuti mwanayo ali pagombe madzulo kudikira bambo ake, dzuwa likumira m'nyanja. Pompo ndinaimbira foni mkulu wa filimuyi ku Lilongwe.

"Bwana, kuno nyanja ili kum'mawa. Dzuwa limatulukira m'madzi, koma polowa limalowera kumtunda, mbali ya kwanu komweko."

Iwo anati awa ndi makatuni, ndani angakafufuze? Ndinawayankha kuti mwana aliyense wa ku Lifuwu kapena ku Chipoka akadzaona adzangoseka. Tinapangana kuti pofika Lachisanu ndiwaonetse chokongola kuposa chimene chinali m'mutu mwawo, apo ayi dzuwa limira basi.

Lachiwiri ndi Lachitatu madzulo ndinali kugombe, foni ndi kabuku m'manja. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa munthu, mithunzi ya mitengo imatalika kuloza kumadzi, mchenga umachita mdima msanga, koma miyala ya pachilumba cha Namalenje imatsala ikuwalabe mwachikasu. Madzi nawo sakhala buluu wa pakalendala uja ayi, amatuwa. Bambo ena amene ankasoka chilimira anandifunsa chimene ndinkalemba, ndipo nditawafotokozera anapukusa mutu.

"Mwana wanga, wa usipa madzulo sabwera, amanyamuka. Ndipo ngati muika nyali panyanjapo, mwezi wathunthu usaonekepo. Mwezi ukawala usipa susonkhana panyali."

Ndinali ndisanaikepo mwezi, koma ndikudziwa kuti ukanapemphedwa, chifukwa opanga mafilimu amaukonda kwabasi.

Lachinayi linali la pakompyuta tsiku lonse. Ndimapenta mu Krita kenako n'kusanja mu Blender, onse awiri ndi mapulogalamu aulere a pakompyuta. Chithunzi cha filimu ndi mapikiselo 1920 m'litali ndi 1080 m'mwamba, koma poti kamera iyenda kutsata gombe, malowo ndinawatambasula mpaka 5760. Ndinawagawa m'maleya, kutanthauza zigawo zosanjikizana: thandala loyanikapo usipa kutsogolo, mabwato pakati, kenako madzi, chilumba, thambo. Kamera ikamayenda, thandala limathamanga, mabwato amatsatira pang'onopang'ono, chilumba chimangokhala ngati chaima. Diso limakhulupirira kuti pali mtunda chifukwa cha kusiyana kumeneku.

Chowawa pa ntchitoyi ndi kufufuta. Bwato lina ndinalipenta mokoma, utoto wosupuka, phula m'ming'alu, chigubu chodula chokapira madzi chili m'kati. Nditaikapo chithunzi choyeserera cha mwanayo, diso linkathamangira kubwato. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, woonera alibe nthawi yosakasaka munthu pakati pa zokongoletsa zanga. Ndinazimitsa mitundu ya bwatolo, chigubu n'kuchotsa, ndipo pamene mwana adzaime ndinasiya mchenga wopanda kanthu, wowalirapo pang'ono kuposa pena ponse.

Lachisanu magetsi anathima render, ntchito imene kompyuta imachita potulutsa zithunzi zomalizidwa, ili pakati, ndiye ndinayambiranso masana. Mafailo ndinatumiza usiku ndi bandulo yotchipa ija. Yankho linabwera Loweruka m'mawa: dzuwa lachoka, mwana tsopano akuperekeza bambo ake, nyali za asodzi zidzayaka chimodzichimodzi kutali. Koma akufuna mlambe kumanzere kwa chithunzi. Milambe iliko kuno, pamenepo sindinatsutse, ngakhale ndiyenera kusuntha thandala lonse kuti ukwane. Lolemba ndiyamba malo a kumsika wa pa Kamuzu Road, ndipo andiuziratu kuti zikwangwani za masitolo zisakhale ndi mayina enieni.