Mwezi umodzi tili pa ERP

Lero fakitale yathu yakwanitsa mwezi ikuyendera ERP, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera sitoko, kupanga katundu ndi ntchito zina za kampani, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Koma anzanga, kaya mugule ERP ya SAP kaya ya Odoo, pulogalamu payokha siikonza manambala olakwika. Ife tinaona zakuda ndi mabawuti. Kompyuta inkati atsala mabokosi 40, pashelefu pali 12. Chifukwa chake? Tinalemba molakwika mabawuti olowa m'chinthu chimodzi, ndiye inkachotsera ochepa nthawi iliyonse tikapanga katundu. Tinawerenganso sitoko yonse pamanja.

Amene andigwira mtima ndi bambo osunga katundu, omwe akhala ndi kope lawo zaka zambiri. Poyamba ankaopa ngakhale kukhudza kiyibodi. Titakhala nawo pansi n'kuwaphunzitsa modekha, ndi iwowo amene akutulukira zolakwika zomwe ife a muofesi sitinkaziona.