Chilolezo cha wodwala khansa ku Palestine

Teremu ino takhala tikuphunzira za malamulo a pa nkhondo ndi ufulu wa zaumoyo. Pangano Lachinayi la ku Geneva la mu 1949, ndime 56, limanena mosapsatira kuti dziko limene asilikali ake alanda dera la eni lili ndi udindo woonetsetsa kuti zipatala za m'deralo zikugwira ntchito. Aphunzitsi anatipatsa chitsanzo cha West Bank, East Jerusalem ndi Gaza, madera amene Israel analanda mu 1967.

Anzanga ambiri analemba za zipatala zimene zaphulitsidwa ku Gaza kuyambira mu 2023, ndipo m'pake. Ine mtima wanga unakakamira pa kapepala ka chilolezo.

Chipatala cha Augusta Victoria, cha mpingo wa Lutheran, chili pa Phiri la Maolivi ku East Jerusalem. Kwa zaka zambiri Apalestina odwala khansa akhala akudalira kumeneko kuti alandire radiotherapy, chithandizo chopha khansa ndi cheza champhamvu. Koma munthu wa ku Nablus, mzinda wa ku West Bank, kapena wa ku Gaza sangangonyamuka. Amapempha kaye chilolezo kwa akuluakulu a Israel, dokotala atamupatsa kale tsiku. Yankho likachedwa tsikulo n'kudutsa, amayambiranso, chotupa chikukula. Akaloledwa, pa zipata za asilikali zolowera ku Jerusalem ngati Qalandiya odwala ambiri amatsitsidwa mu ambulansi ya ku West Bank n'kuwasamutsa pa machira kukalowa mu ina ya ku Jerusalem.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi nkhani ya wodikirira wodwala. Ifenso timadziwa kuti munthu sagonekedwa m'chipatala popanda gadiyani womusambitsa ndi kumudyetsa. Kumeneko gadiyani amafunika chilolezo chakechake, ndipo makolo achinyamata akhala akukanizidwa kawirikawiri, moti ana ena a ku Gaza ankapita kukalandira mankhwala a khansa ndi agogo awo, mayi atatsala kunyumba.

Israel amati zonsezi n'zachitetezo, komanso kuti mapangano a Oslo, amene Israel anasainirana ndi Apalestina, anapereka zaumoyo m'manja mwa Palestinian Authority, ulamuliro wa Apalestina umene likulu lake lili ku Ramallah. Mu ntchito yanga ndalemba kuti mfundoyi siikundikhutiritsa: unduna wa zaumoyo wa ku Ramallah ukhoza kulipira bilu ya wodwalayo, koma makiyi a chipata ali ndi asilikali. Mu Julaye 2024 khoti la International Court of Justice linanena kuti kukhalabe kwa Israel m'madera amenewa n'kosemphana ndi malamulo. Pofika nthawi imeneyo njira ya odwala a ku Gaza yopita ku East Jerusalem kudzera pa Erez, chipata cha pakati pa Gaza ndi Israel, inali yotsekedwa kuyambira Okutobala 2023.