Yogati wa Greek ndikupanga ndekha kuno ku Dedza

Anzanga, lero ndili ndi nkhani yokoma. Yogati wolimba uja amati wa Greek, amene ndinkachita kukagula ku Lilongwe pamtengo woboola m'thumba, tsopano ndikupanga ndekha pakhomo.

Chinsinsi chake n'kusefa basi. Dzulo madzulo ndinayala kansalu koyera kochapa bwino pa sefa, n'kuthirapo yogati wamba wopanda shuga, pansi n'kutchera mbale, zonse m'filiji. Kutacha ndapeza madzi achikasu adonthera m'mbale, pansalu patatsala yogati wokandapala, woti supuni ukaizika imangoima njo! Pa lita imodzi watsala pafupifupi theka. N'chifukwa chake amadula, komanso n'chifukwa chake ali ndi zomanga thupi zambiri: pafupifupi magalamu 9 pa magalamu 100 aliwonse, pamene yogati wamba amakhala ndi 4 kapena kucheperapo.

Madzi aja musataye, ine ndakandira mandasi a ana.

Mukamagula wa m'sitolo, chonde werengani zolemba kumbuyo kwa kachitini. Ena kutsogolo amalemba Greek, koma m'kati adadzaza shuga ndi zokometsera. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa munthu amalipira ndalama zambiri poganiza kuti akusamala thupi lake.

M'mawa uno ndaduliramo nthochi imodzi, kuwazamo mtedza wokazinga wosinja, n'kudonthezeramo kauchi pang'ono. Ndi kuzizira kwa kunoku ndinazolowera tiyi ndi mandasi atatu, koma ikamakwana 10 koloko njala inkakhala itabweranso. Lero ndafika pa nkhomaliro m'mimba muli zii. Amayi, amene mtima wawo uli pa chambiko, alawa supuni ziwiri n'kuti ndiwasungireko wina mawa.