Foni inkangoduka pa masekondi 32, mpaka ndinapeza ACK yosochera

Ndatha masabata atatu ndikulimbana ndi ka seva ka SIP (njira yomwe mafoni a pa intaneti amaitanirana) komwe ndalemba ndekha mu Python, ndiye ndati ndifotokoze mmene zayendera mwina wina asachezere usiku ngati ine. Eya ndikudziwa kuti Kamailio ilipo, OpenSIPS ilipo, Asterisk ilipo kuyambira 1999 ndipo zonsezi ndi ma pulogalamu opangidwa kale a ntchito yomweyi ogwira bhobho, koma ine ndimafuna ndione ndi maso angawa zomwe zimachitika munthu akayimba foni pa intaneti, osati kumangokopera ma config a eni ake osadziwa kuti mzere uwu ukutani.

Poyamba penipeni, SIP sinyamula mawu ayi. Iyo ntchito yake ndi kugogoda, kunena kuti uko foni ikulira, kugwirizanitsa anthu awiriwo kenako kutsanzika. Mawu enieniwo amadutsa pa RTP, ndipo ma port ake amakambirana mu SDP, ka kalata kofotokoza komwe mawu apite, yomwe imakwera limodzi ndi INVITE, uthenga woyambitsa kuyimba. Malamulo a SIP ali mu chikalata cha RFC 3261 cha 2002, chinthu cha masamba oposa 250, ndisaname sindinachimalize.

Ndinayamba ndi kutsegula socket ya UDP pa port 5060 ndikungosindikiza chilichonse chofika. Pa laputopu ndinaika MicroSIP, pa foni Linphone, onse ma pulogalamu oyimbira foni pa SIP, ndikuloza zonse ku seva yanga. Chinabwera choyamba ndi REGISTER, foni ikudzitchula dzina ndi komwe ili. Apa sumangovomera, umayankha 401 Unauthorized ndi nonce (zilembo zachisawawa zomwe seva imapanga), foni imasakaniza dzina, realm, pasiwedi ndi nonce ija pa MD5 nkutumizanso, iwe uwerengetsere chimodzimodzi nkufananitsa. Masamu ake ndi ophweka. Chomwe chinandidyera tsiku lathunthu ndi chinthu chochititsa manyazi, mizere yanga ndimaimaliza ndi \n pomwe SIP imafuna \r\n, komanso kumapeto kwa ma header pamafunika mzere wopanda kanthu. Foni inkangobwereza REGISTER ngati sikundimva, ine ndikumasinthasintha pasiwedi, mxii. Komanso poyankha ukopere Via, From, Call-ID ndi CSeq mmene zabwereramo, usakongoletse, pa To pokha ndi pomwe umaonjezera tag.

INVITE sinavute kwenikweni. Upeze komwe woyimbiridwayo analembetsa, uike Via yako (header yosonyeza komwe uthenga wadutsa) pamwamba yokhala ndi branch yoyamba ndi z9hG4bK, uchotse 1 pa Max-Forwards yomwe imayambira pa 70, woyimbayo umuuze 100 Trying kuti asiye kubwereza, basi uponye. Mayankho akamabwerera, 180 Ringing kenako 200 OK, uchotse Via yako ija nkupatsira wotsatira. Pa wifi imodzi zinatheka tsiku lomwelo, foni kulira, ine kudziyankha ndekha halo halo mchipinda ngati wopenga.

Mavuto anayamba nditasamutsira seva pa VPS, kompyuta yobwereka ya pa intaneti, foni nkuiika pa data. Kuyimba ikulira, kuyankha ikuyankhika, mawu akumveka mbali imodzi yokha koma ndinati izo tiona kenako, chondizunguza mutu chinali choti ikangokwana masekondi 32 phwii yaduka. Kuyesanso, 32. Kasanu konse 32 yemweyo. Poyamba ndimanamizira netiweki, koma netiweki siduka mosunga nthawi chonchi aise.

Ndinaika sngrep pa seva, ka pulogalamu komwe kamajambula mauthenga a SIP ngati makwerero pa terminal, ndipo nkhani yonse inali poyera. Woyimbiridwa akutumiza 200 OK, patapita theka la sekondi 200 OK ina, kenako sekondi imodzi, awiri, anayi, anayi, anayi, kumangobwereza ngati munthu woitana pakhomo popanda womuyankha, mapeto ake BYE, uthenga wodula foni. ACK, uthenga womwe woyimba amatumiza kutsimikiza kuti 200 OK wailandira, osaoneka olo imodzi. Mu RFC muja muli timer yotchedwa T1 ya 500ms, ndipo woyankha foni amadikira ACK kwa T1 kuchulukitsa ka 64, omwe ndi masekondi 32 aja, ikapanda kufika amadula yekha. Ndiye foni sinkalakwitsa kanthu, imangotsatira lamulo.

Nanga ACK imapita kuti? Apa ndi pomwe ndinaphunzira kuti ACK ya 200 OK siyenda njira ya INVITE, woyimba amaitumiza molunjika ku adiresi yomwe ili mu header ya Contact ya 200 OK ija. Nditayang'ana Contact ndinapeza 192.168.1.7, adiresi ya mkati mwa rauta yomwe kunja kuno palibe angaifikire. ACK imatuluka ndithu, kungoti imakathera mmalere.

Ndinakonza ziwiri. Pa INVITE iliyonse ndinayamba kuika header ya Record-Route ya seva yanga yokhala ndi ;lr kumapeto, kuti ACK ndi BYE zonse zizidutsa kwa ine. Kenako Contact ndimailembanso, kuchotsa adiresi ya mkati ija nkuikapo IP ndi port zomwe paketi yachokeradi, zomwe recvfrom, function yolandirira paketi pa socket, imakupatsa kale ulere. Mu Kamailio zimenezi ndi mzere umodzi, fix_nated_contact(), ine zinanditengera masiku anayi, kaya ndiseke kaya ndilire. Ka nsonga kena, ACK siyankhidwa, ungoipatsira basi. Ndinaonjezeranso kutumiza ka uthenga ka OPTIONS kwa foni iliyonse pakapita masekondi 30 chifukwa ma rauta amatseka kabowo ka UDP kakakhala duu nthawi yaitali, ndiye munthu amaoneka kuti analembetsa koma foni yake osalira.

Usiku umenewo ndinayimba nkusiya foni pa tebulo ndikungoyang'ana nthawi, 31, 32, 33, mpaka mphindi 10 osaduka. Mawu akadali mbali imodzi, poti mu SDP namonso muli 192.168 yemweyo pa mzere wa c=, ndiye mawa ndikuyamba kulimbana ndi rtpengine, pulogalamu yodutsitsa mawu a RTP pa seva.